Bondo la Bambo ndi Matailosi a Pabalaza

Pabalaza panu,
12 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka. Amayi shuga wawo wakhazikika, ndipo ine ndikadali ku saluni komwe kuja, kuluka mitu ya anthu ndi kumva miseche yaulere. Mudabwa kuti mng'ono wanu, amene ngakhale uthenga wa pa foni amaulemba mwaulesi, lero wagwira cholembera. Nkhani ndili nayoyi siyenera pa foni. Mukaimba Lamlungu foni imakhala m'manja mwa bambo, ine n'kumangosuzumira paphewa pawo ndikumwetulira ngati zonse zili bwino. Uthenga wolemba ndauyesa kangapo koma ndimangofufuta. Ndiye ndapempha mnzanu uja wa ku kwaya, amene akubwerera kumeneko sabata ino, kuti akupatsireni pamanja.

Zonse sizili bwino, achemwali. Bondo la bambo lakumanja latha. Adokotala akufuna kulisintha lonse ndipo atipatsa kale tsiku kumapeto kwa mwezi wa mawa, koma bambo anenetsa kuti sakagona pa tebulo la opaleshoni asanamalize kuika matailosi pabalaza pa nyumba yanu yatsopanoyi. Anandiletsa kukuuzani. Anachita kundiloza ndi chala n'kunena kuti, "Iwe Kamlomo, mkulu wako ali ndi mavuto ake kumeneko. Ukangomuuza, ine ndi iwe tidana." Dzina limeneli anandipatsa okha ndili mwana, ndiye sindikudziwa kuti ankayembekezera zotani.

Ndiyambe poyambira. Mukudziwa kuti bambo agwira ntchito chogwada kuyambira ife tisanabadwe, ndipo maondo awo okhakhala aja tinkawaseka tili ana. Chaka chathachi anayamba kutsimphina, koma ukafunsa ankati nsapato ikuwathina. Kenako mwendo unayamba matewe. Kenako panabwera ndodo, ati yoopsezera agalu. Inu simunaone chilichonse chifukwa akamakuonetsani nyumba pa foni amaloza kamera pansi. Mwaona zipinda zogona, mwaona khitchini ndi bafa, mizere yonse yowongoka bwino, koma simunawaonepo akudzuka pamene agwada. Kudzukako ndi ntchito payokha. Amayamba agwira ndowa, kenako khoma, kenako aime kaye akuyang'ana pawindo ngati akuona za nyengo, pamene akudikira kuti ululu utsike.

Amayi anayesa mbali yawo. Madzi otentha, nsalu yomanga, mankhwala opaka a mitundumitundu, mpaka nyumba yonse inkanunkha ngati sitolo ya mankhwala. Tsiku lina anatopa n'kunena kuti manja awo sadzakhudzanso bondo limenelo mpaka lionedwe ndi dokotala. Bambo anapirira masiku angapo osapakidwa, kenako anagonja. Ku chipatala chaching'ono anawajambula, n'kutitumiza kwa dokotala wa mafupa ku chipatala chachikulu.

Tikudikira tsiku lokaonana ndi dokotalayo, kunyumba kunabwera aMipope. Mukuwakumbukira, mnzawo wa bambo woika mipope ya madzi, uja amayamba kuseka asanamalize nthabwala yake. Iwo anachitidwa opaleshoni ya bondo chaka chatha, koma yosintha mbali imodzi yokha. Anapinda thalauza kutionetsa chipsera chachifupi. Kenako, popanda wowapempha, analowa m'khitchini mwa amayi, n'kugwada pansi pa sinki, n'kudzuka, n'kugwadanso. Bambo ankangoyang'ana ngati munthu wanjala amene akuonerera mnzake akudya, ndipo ine ndinamva chisoni kwambiri.

"Achimwene, nkhani yake ndi iyi," anatero aMipope atabwerera pa mpando. "Maopaleshoni alipo awiri. Pali yochotsa bondo lonse, pali yokonza mbali imodzi. Ya mbali imodziyi ndiye yathu anthu ogwadafe. Bala laling'ono, kuchira msanga, bondo kumapinda ngati lako lomwe. Koma sapatsa aliyense ayi. Dokotala akakufunsani kuti pakupweteka ndi pati, inu mutulutse chala chimodzi, muloze apa, mbali ya m'katiyi. Chala chimodzi basi. Mukangogwira ndi dzanja lonse, mwaluza."

"Nanga akafunsa zina?" anafunsa bambo.

"Afunsa za masitepe. Afunsa ngati mumamva kuwawa podzuka pa mpando. Inu muzingokana. Patsogolo pa bondo musapatchule n'komwe."

Apa ndiye ndiulule mbali yanga, chifukwa mukadzamva kwa amayi adzaikometsera. Ine ndinkadziwa kuti bondo la bambo likupweteka paliponse. Ndinali nditawaona akutsika masitepe a ku tchalitchi chafutambuyo, atagwira chitsulo ndi manja awiri. Koma ndinavomera kuwaphunzitsa bodzalo. Madzulo tinkakhala pakhonde, ine n'kuvala magalasi a amayi, n'kukhala dokotala. "Bambo, pakupweteka ndi pati?" Poyamba ankaiwala, dzanja lonse linkathamangira pa bondo, ine n'kuwamenya kadzanjako ngati mwana wa sukulu. Amayi podutsa ndi zochapa zawo anatifunsa kuti, "Kodi mukunamiza ndani, dokotala kapena bondo?" Tinangowaseka. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife makutu tinali titatseka. Ndinkaganiza kuti ndikuwathandiza. Komanso ndinene zoona, madzulo amenewo bambo ankaseka, ndipo panali patapita nthawi ndisanawamve akuseka.

Tsiku litafika tinapita awiri. Tsono mukudziwa matenda ena a bambo amene alibe mankhwala, aja olephera kulowa m'nyumba ya munthu osayang'ana pansi. Ku tchalitchi, ku banki, ngakhale kokapepesa maliro, maso awo amakhala pa matailosi. Mpita wonse wa chipatala anayenda akugogoda ndi ndodo, akung'ung'udza kuti apa anathamanga, apa anaumira simenti, apa ankaganiza za chakudya. Ine ndinkangowakumbutsa za chala, iwo n'kumati ndisawavute, akudziwa.

Atatiitana tinalowa. Adokotala ndi mayi wa msinkhu ngati wanu, wolankhula motsitsa mawu. Anaimirira kutipatsa moni, ndipo nthawi yomweyo ndodo ya bambo inagunda tailosi lina pafupi ndi tebulo, n'kulira ngati pansi pake pali mphako. Anagogodanso. Moni usanathe n'komwe anandipatsira ndodo, n'kuyamba kutsika kuti aligwire ndi dzanja. Sanaganize, achemwali, thupi linangochita zimene lazolowera. Bondo litangofika pansi anabuula mawu amene sindinawamvepo kwa bambo chibadwire. Manja onse awiri anafumbata bondo, patsogolo penipeni paja aMipope anati tisapatchule. Kudzuka kunakanika. Tinachita kuwanyamula ine ndi adokotala, wina uku wina uku.

"Pepani bambo, khalani apa mupume kaye," anatero adokotala. Anadikira ndithu mpaka mpweya wawo unabwerera, kenako anafunsa funso lathu lija. "Pakupweteka ndi pati?"

Bambo, thukuta lili kamukamu, anatulutsa chala chimodzi n'kuloza mbali ya m'kati monga tinaphunzirira pakhonde. Adokotala anayang'ana chalacho, kenako anayang'ana ine. Ndinasowa poyang'ana.

"Chala chimenechi ndachiona kwa anthu ambiri," anatero akumwetulira. "Pa benchi panjapo amaphunzitsana. Sindikukuimbani mlandu. Koma manja anu andiyankha kale muli pansi paja."

Anawagoneka pa bedi n'kuyamba kuupinda mwendo ndi kuuwongola. Kuwongoka bwinobwino unakana. Atakanikiza kafupa kozungulira ka patsogolo kaja, kanalira khwerekhwere mpaka ine ndinamva ndili pa mpando. Atakoka mwendo chakutsogolo unasuntha kuposa winawo. Kenako anatitumiza kukajambulitsanso, ulendo uno bambo ataimirira, kuti aone mmene mafupa amakhalira akasenza thupi. Titabwerako anaika zithunzi powala n'kutifotokozera pang'onopang'ono. Ndikulemberani monga ndinamvera, kuti nanunso musadzaganize kuti atimana chinthu chabwino.

Anati bondo lili ndi zigawo zitatu, cha m'kati, cha kunja, ndi cha patsogolo kuseri kwa kafupa kaja. Kumapeto kwa mafupa kumakhala chicherewecherewe, choyera choterera chija tinkalimbirana pa fupa la nkhuku. Chimenecho ndicho chimaletsa mafupa kukhulana, ndipo chikatha sichimeranso. Opaleshoni ya mbali imodzi imathandiza munthu amene chatha mbali imodzi yokha, kwina konse kuli bwino, mitsempha yomanga bondo ili yolimba, ndiponso mwendo ukutha kuwongoka. AMipope anali otero, n'chifukwa chake zinawayendera. Bambo m'kati chatheratu, fupa likukhula fupa linzake. Patsogolo chathanso kwambiri, kunja chayambako, ndipo mtsempha wa pakati walobodoka.

"Ndiye konzani m'katimo, kwinako ndipirira," anatero bambo. "Kupirira ndimatha."

"Ndaona kuti mumatha, n'chifukwa chake mwabwera mochedwa," anayankha adokotala. "Koma ndikaika chitsulo mbali imodzi pa bondo logwedera, sichikhalitsa. Ululu wa patsogolo utsala, ndipo posachedwa mudzabwera kuti ndikung'ambeninso kachiwiri. Kumeneko kungakhale kukulakwirani. Tandiuzani, tailosi lija mumafuna kuligwira, nditakupemphani kuti musinthe lokhalo, mungavomere?"

"Zitengera pansi pake," bambo anayankha mofulumira, poti nkhani yafika pa ntchito yawo. "Ngati simenti yafumbwa ponseponse ndimakana. Sindifuna kudzaitanidwa kawiri."

Atangonena zimenezo anazindikira kuti adziyankha okha. Kenako anafunsa funso limene anabwera nalo kuchokera kunyumba.

"Mukasintha lonse, ndidzagwada?"

Mayi ameneyo ndimamulemekeza chifukwa sananame. Anati, "Mudzayenda popanda ululu umenewu. Mudzakwera masitepe, mudzagona tulo. Kugwada pang'ono pa chinthu chofewa ena amatha, ena zimawavuta. Koma kugwada tsiku lonse pa simenti sindingakulonjezeni, ndiponso sindingakulangizeni." Anawonjezera kuti tikamachedwa mwendo uzipindikirabe ndi kuuma, ndipo bondo louma kwambiri silipinda bwino ngakhale atalisintha. Anatinso odikira ndi ambiri, moti tikaphonya tsiku lathu tidzabwerera kumapeto kwa mzere. Bambo anangogwedeza mutu. Potuluka anatembenuka pakhomo n'kunena kuti, "Tailosi lanulo musamalipondetse mpando, lisweka."

Titatsala pang'ono kutsika m'basi anati, "Chala chako chija sichinagwire ntchito." Mwaona, chala chinali chitasanduka changa. Koma maso awo anali ofiira.

Ine ndinkaganiza kuti mawa lake agona. Masana amayi anandiimbira ndili pakati poluka munthu, kundiuza kuti chikwama cha zipangizo palibe ndipo mwini wake palibenso. Nditaweruka ndinathamangira kunyumba kwanu kuno. Ndinawapeza pabalaza, atagwadira bondo lakumanzere pa chidutswa cha matiresi, mwendo wodwalawo atautambasulira kumbali, ataumanga ndi nsalu. Akafuna kusuntha ankachita kuukoka ndi dzanja. Ndipo pabalaza pamenepa, achemwali, kodi mukufuna kudzachititsirapo misonkhano? Munthu ukaima pakhomo, windo la kumapeto umaliona patali. Bambo anali atayala mizere yochepa chabe kuchokera pakhomo.

Ndinakalipa, sindibisa. Ndinawauza kuti akudzipha, kuti adokotala ataya nthawi yawo pachabe, kuti oika matailosi adzaza mzinda wonse ndipo titha kupeza wina mawa lomwe. Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anaika pansi chipande chawo chopakira simenti.

"Munthu wina? M'nyumba ya mwana wanga?" anatero. "Tamvera Kamlomo. Ndayala pansi m'mahotela, m'maofesi, m'nyumba za mabwana. Ana a eni ake akwawa pa ntchito ya manja anga. Inu munakwawira pa simenti yong'aluka ya nyumba ya lendi, amayi anu akubisa ming'alu ndi kalipeti. Aka n'koyamba kuti mwana wanga adzaponde pamene ndayala ine. Akandisintha bondo sindidzagwadanso, wamva wekha. Ndiye undisiye ndimalize, kenako adule ngakhale mwendo wonse."

Ndinalowa m'bafa mwanu n'kulira. Bafa lake n'lokongola, achemwali, munthu amalira akusirira.

Bondo linatupa usiku womwewo, ndipo ine ndi amayi tinakwanitsa kuwasunga pakhomo masiku angapo. Tinkaganiza kuti mwina mtima wayamba kufewa. Lamlungu munaimba, mosangalala monga mwa nthawi zonse, n'kufunsa kuti, "Bambo, pabalaza pafika pati?" Sindikukuimbani mlandu ngakhale pang'ono, munthu sangalambalale dzenje limene sakuliona. Koma ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anakuyankhani kuti patsala pang'ono. Lolemba m'mawa chikwama chija panalibenso.

Lolemba ndi tsiku langa lopuma, ndiye ndinawatsatira. Ndinawenga zikhadabo zanga zonse, zimene ndinazisamalira chaka chathunthu, n'kuvala ovolosi yawo yakale. Nditalowa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Manja oluka tsitsi amenewo?"

"Mizere ya pamutu ndimaiwongola ndine," ndinatero. "Ya pansi ingandikanike?"

Ndinabweretsa mpando n'kuuika pakati pa balaza. Sindinganene kuti ndinawagonjetsa. Tsiku limenelo bondo linali litakana lokha, ndipo anakhala chifukwa panalibe kuchitira mwina. Anayamba kundiuza zochita ali pampando pomwepo: kasakanizidwe ka simenti, kapakidwe kake ndi chipande cha mano, kukhazika tailosi osalitsetsereza, kuligogoda ndi hamala ya labala, kuika timitanda ta pulasitiki m'makona, kenako kuyeza ndi levulo ngati silinapendekeke. Ndikamaliza ankatambasula ndodo, n'kugogoda, n'kumvetsera. "Zula," ankatero. Ndikayalanso, "Zula." Tsiku loyamba ndinazula onse amene ndinayala. Ndinabwerera kunyumba maondo akuyaka moto, ndipo mawa lake ku saluni ndinkatsimphina mpaka abwana anandifunsa ngati ndagwa. Limenelo linali tsiku limodzi lokha, achemwali. Ndinaganiza za zaka zonse zimene maondo a bambo anatilipirira sukulu, ndipo ndinachita manyazi kuti tinkawaseka.

Kuyambira pamenepo ndimabwera madzulo aliwonse ndikaweruka, ndi Lolemba tsiku lonse. Bambo ndi mphunzitsi wabwino koma wosachedwa kupsa mtima. Amati sanatiphunzitse ntchitoyi dala, ankafuna tizigwira zolembera, ndiye taonani lero mmene zathera. Mizere yanga imayamba bwino, koma ikamayandikira windo imayamba kuyendayenda. Ndinawauza kuti khotekhote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo. Iwo anati amene anapeka mwambi umenewo sanagwirepo levulo. Sabata yatha anagogoda tailosi langa lina, n'kumvetsera, osanena kuti ndizule, n'kupita pa lotsatira. Ndinasangalala kuposa tsiku limene ndinalandira satifiketi yanga.

Mukawerenga mpaka apa mwina muganiza kuti nkhani yatha bwino. Sinathe. M'mawa ine ndikakhala ku saluni, bambo amabwera kuno okha n'kugwada. Amakana, koma umboni uli pansi. Ndikabwera madzulo ndimapeza mzere wowongoka bwino pakati pa mizere yanga, ndipo ndikawafunsa amati mwina ndayamba kuitha ntchito osadziwa. Bondo limakhala lotupa, lotentha ukaligwira. Amayi akuti usiku amatembenuka akubuula, ndipo akawafunsa amati akulota. Za tsiku la opaleshoni ndikazitchula amangoti tiona. Ndayang'ana malo atsala ndipo ndayang'ana liwiro langa. Sitimaliza tsikulo lisanafike, pokhapokha bambo atagwada m'mawa uliwonse, ndipo zimenezo ndi zimene akufuna kuchita. Ndili ndi mantha, achemwali. Ndikuopa kuti adzamaliza balaza lanu n'kupezeka kuti tsiku lapita, mwendo wauma, ndipo nyumba imene anaivutikira adzalowamo atanyamulidwa.

Ine ndayankhula mpaka pakamwa pauma. Amayi ayankhula. Ngakhale aMipope anabwera kudzapepesa atamva zimene adokotala ananena, ndipo anawauza bambo kuti apite, koma bambo anawayankha kuti munthu wogwada asalangize wolephera kugwada. Watsala ndinu. Ndinu mwini nyumba, ndinunso woyamba kubadwa, ndipo tonse tikudziwa, ngakhale sitinena, kuti mawu anu amalowa pamene athu amabwerera.

Pempho langa ndi ili. Mukaimba Lamlungu likudzali, musafunse za nyumba. Muwapemphe atembenuze kamera, muwaone nkhope, kenako muwapemphe aimirire inu mukuona. Muwauze kuti mwadziwa zonse, ndipo musaope kutchula kuti ndakuuzani ndine, mkwiyo wawo ndiusenza. Chonde musanene zolemba ntchito munthu wina, kumeneko n'kuwatukwana. Muwauze kuti simukufulumira. Muwauze kuti malo atsalawo adikire mpaka atachira, adzamalize ali pampando ndi ndodo yawo, manja akhale anga koma maso ndi makutu akhale awo. Muwauze kuti balaza limenelo mudzalitcha ntchito ya bambo anu ngakhale mizere ina itakhota. Misozi ikabwera musaibweze. Ya ine anaizolowera, koma yanu sanaipirirepo.

Ndili ndi kapempho kenanso kakang'ono. Ndamva kuti kumeneko kumapezeka zovala m'maondo zofewa, za anthu ogwira ntchito chogwada. Mukapeza munthu wobwera kuno munditumizireko. Ndi zanga, osati za bambo, ndipo mulembepo dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu kuti pasakhale kusokoneza. Ine maondo anga ndikuwafunabe, sindinakwatiwe n'komwe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti khomo la kumbuyo lija anaumirira kuti likhale lalikulu lakhala bwino ndithu, ndawavomera. Ana muwapsompsone, ndipo wamng'onoyo mumuuze kuti agogo ake amasunga chithunzi chake m'chikwama cha zipangizo, pakati pa levulo ndi chingwe. Amayi akupereka moni wambiri. Akudziwa kuti ndikulemba, ndipo ati ndisaiwale kutchula kuti iwo anachenjeza za chala chija kuyambira pachiyambi. Ndatchula. AMipope nawonso akupereka moni. Alonjeza kuti tsiku la opaleshoni adzabwera ndi galimoto ya mwana wawo, ndipo ati akadzafunika kumanga munthu ndi chingwe, chingwe ali nacho.

Kalatayi ndikulembera pabalaza panu pomwe, nditatsamira katoni ya matailosi, podikira kuti amene ndayala m'mawa agwire. Mukaona madontho otuwa papepalali, ndi simenti. Bambo ali pampando wawo pafupi ndi windo, mwendo uli pa ndowa. Ndimaganiza kuti akuwodzera, koma posachedwapa atsegula maso n'kundifunsa kuti ndikulembera ndani nthawi yonseyi. Ndinaganiza zonama, koma bodza limodzi lija linandikwana. Ndawauza kuti ndikulembera inu.

Anayang'ana mapepala ali pakatoni, n'kuona kuchuluka kwake. Anayang'ana bondo lawo, kenako malo onse amene atsala mpaka kukhoma. Kenako anati, "Umupatse moni. Umuuze kuti mizere yokhotayo si yanga."

Ndinadikira, cholembera chili m'manja, kuti awonjezere zoti ndisatchule za bondo. Sanawonjezere. Anangotsekanso maso.

Muimbe Lamlungu, achemwali. Akhala akudikira.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Kamlomo